Kwa wophunzira wa ku Bangula: equity si bwalo la anyakwawa

Mtsikana wina wa ku Bangula, yemwe akuphunzira zamalamulo ku Zomba, wanditumizira imelo. Akuti ankayesa kuti phunziro la equity ndi chilungamo chonga chimene agogo ake, omwe ndi anyakwawa, amaweruzira pansi pa mtengo. Koma m'kalasi akungomva milandu yakalekale ya ku England. Ndiye akufunsa kuti zimenezi zili ndi ntchito yanji kuno, nanga aziziwerenga bwanji.

Achemwali, chotsani kaye maganizo oti equity ndi chifundo cha woweruza. Inayambadi motero. Kale ku England, munthu akaona kuti makhoti a common law (malamulo ochokera m'zigamulo za majaji a mfumu) sakumuthandiza, ankakadandaula kwa mfumu, mfumuyo n'kutula nkhaniyo kwa Lord Chancellor, nduna yake yaikulu, mpaka panabadwa khoti la Chancery, lomwe mfundo zake ndizo zimatchedwa equity. Mkangano wa pa mlandu wa Earl of Oxford wa 1615 unatha ndi chigamulo choti malamulo awiriwa akasemphana, equity izipambana. Malamulo a Judicature a 1873 ndi 1875 anadzaphatikiza makhotiwo. Koma pofika apo equity inali itakhwima kale, ili ndi mfundo zake zosagwedezeka. Pa mayeso mukangolemba kuti "wamasiyeyu akumvetsa chisoni", simuphulapo kanthu.

Kuno inabwera ndi lamulo la atsamunda la British Central Africa Order in Council la 1902, lomwe linalowetsa common law ndi equity monga zinalili ku England pa 11 Ogasiti chaka chimenecho. Sinachokenso. Chiletso chimene mumamva pa wailesi kuti andale akatenga ku High Court ndi chida cha equity, ndipo majaji athu amatchulabe mlandu wa American Cyanamid wa 1975 poganiza zochipereka kapena ayi.

Tiyeni tibwere kwanu. Munthu akugwira ntchito ku Johannesburg, amatumiza ndalama kwa mng'ono wake kuti amugulire poloti ku Nchalo. Mapepala a liizi atuluka m'dzina la mng'onoyo. Mkuluyo pobwera, mng'onoyo akumuuza kuti, "Achimwene, dzina lili apali ndi langa." Common law iyang'ana pepala n'kuvomereza. Equity ifunsa kuti ndalama inachokera m'thumba la ndani. Ngati sinali mphatso, mng'onoyo akungosungira mkulu wake malowo, ndipo ndiyo resulting trust imene muiphunzire. Apa malisiti otumizira ndalama ndi mauthenga a pa WhatsApp amasanduka umboni wolemera. Koma mkuluyo ngati anabisa dzina lake pothawa angongole, khoti limuyang'ana m'manja ngati muli moyera, poti equity imafuna kuti wodandaula akhale wopanda chinyengo pa nkhaniyo. Akangokhala chete zaka zambirimbiri mng'ono akumanga nyumba, kuchedwako kukhozanso kumuluzitsa mlandu.

China ndi ichi. Mwagwirizana ndi munthu kuti akugulitseni ng'ombe ku Ngabu, kenako iye wasintha maganizo. Khoti lingolamula kuti akulipireni zomwe mwataya, chifukwa ng'ombe mukagula ina. Koma akakana kupereka malo omwe munagwirizana mwalamulo, khoti likhoza kumukakamiza kuti apereke malo omwewo, poti malo alibe mnzake wofanana nawo. Mfundo yaikulu ndi imeneyi: equity imalowerera pamene ndalama sizikukwanira kukonza cholakwacho.

Pa kawerengedwe, ine sindigwirizana ndi ophunzira oloweza mfundo zachidule za equity, zonga miyambi, n'kumaziimba ngati zakwaya. Werengani mlandu weniweniwo, ngakhale utalike. Pa uliwonse dzifunseni kuti common law ikanamupatsa chiyani wodandaulayo, nanga chinaperewera n'chiyani. Mukafika pa trust, kumene ndi kusunga chuma m'dzina lako koma opindula ali ena, gwiritsitsani mlandu wa Knight v Knight wa 1840: pakhale cholinga chomveka, chuma chodziwika, ndi anthu odziwika oti apindule. Kenako lowani pa MalawiLII, tsamba la pa intaneti losunga zigamulo za makhoti athu, mufufuze mmene majaji athu agwiritsira mfundo yomweyo, chifukwa yankho lotchula mlandu wa kuno limaonetsa kuti mwamvadi.

Chenjezo limodzi: munda wa makolo wa kudimba la m'mbali mwa Shire umayendera malamulo a chikhalidwe komanso malamulo a dziko okhudza malo, choncho musauthamangitsire ku Chancery. Pa tchuthi, khalani pabwalo la agogo ndi kope, muzilemba milandu imene ingakhale ya trust ndi imene ili ya chikhalidwe chokha.