Kodi morphine wa kuchipatala ndi "mankhwala ozunguza bongo"?

Mayi wina wa ku Ndirande walemba kuti: "Ndikumva pa wailesi kuti aphungu akukambirana zosintha malamulo a mankhwala ozunguza bongo. Bambo anga akudwala khansa ndipo kuchipatala amawapatsa morphine wa m'botolo. Kodi nawonso ndizinena kuti akumwa ozunguza bongo?"

Ayi mayi, musamatero. Mawu akuti "ozunguza bongo" amanena zimene mankhwala amachita m'mutu mwa munthu, ndipo pakamwa pa Mmalawi amabwera ndi chitonzo. Tikawamva timaona mnyamata wa maso ofiira atakhala pa depoti. Bambo anu akamameza madzi aja pa ola limene adokotala adanena kuti ululu uleke n'kugona tulo, akumwa mankhwala opha ululu, basi.

Chimene chikusokoneza n'chakuti olemba nkhani amatenga mawu amodzi n'kuphimbira nawo zinthu zingapo. Lamulo lathu lakale la Dangerous Drugs Act limaika chamba ndi morphine m'gulu la zinthu zimene boma limayang'anira. Koma kuyang'anira si kuletsa. Morphine ndi wololedwa m'manja mwa dokotala, amasungidwa mokiyidwa ndipo morphine aliyense wotuluka amalembedwa m'buku. Ine ndimakonda kunena kuti "mankhwala oyang'aniridwa ndi lamulo". N'zoona kuti ndi mawu aatali, koma sanamiza munthu. "Oletsedwa" tiwasungire amene kupezeka nawo kokha ndi mlandu.

Vuto lomweli lidaoneka mu 2020 pamene Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act. M'maminibasi a Limbe anthu ankangoti "chamba achiloleza". Chimene chidaloledwa ndi kulima kwa amene ali ndi chiphaso, n'cholinga chopangira mankhwala ndi zinthu za m'mafakitale. Wosuta fodya wamkulu apolisi amamugwirabe. Choncho mukamva kuti "aloleza", funsani kuti aloleza chiyani, kwa yani.

Mwafunsanso ngati "osokoneza bongo" ndi Chichewa cholondola. Inde, onse awiri amamveka, ngakhale khutu langa limakonda "ozunguza", chifukwa mawuwa amandionetsa mutu ukuzungulira ngati wa munthu wachizungulire. Chokhacho chimene sindingachilole ndi "mankhwala wozunguza bongo", chimene ndachionapo pa zikwangwani. Timati mankhwala awa, mankhwala anga, motero ndi "ozunguza", popanda w kutsogolo.