Funsani Tikuyankheni: Kodi wosadziwa kuliza gitala angakhale katswiri wojambula nyimbo?

FUNSO: Akonzi, ine ndine mnyamata wa ku Chinamwali kuno ku Zomba, ndipo ndimapanga mabiti pa laputopu pogwiritsa ntchito FL Studio. Anzanga a kukwaya amabwera kunyumba kuti ndiwajambule, koma malume anga, amene kale ankaliza gitala m'bandi, amati munthu wosadziwa kugwira chida chilichonse asamadzitchule woyimba. Ndinamva kuti ku England kuli mkulu wina dzina lake Brian Eno amene anatchuka chonsecho zida sankazidziwa. Kodi n'zoona, nanga anayenda bwanji kuti afike pamenepo? Ndine wowerenga wanu wa ku Chinamwali.

YANKHO: Achimwene, zimene munamvazo n'zoona, kungoti amene anakuuzaniyo anasiya mbali ina ya nkhaniyi imene ingawasangalatse malume anu.

Brian Eno anabadwa pa 15 Meyi 1948 m'mudzi wa Melton, pafupi ndi tauni yaing'ono ya Woodbridge, m'dera la Suffolk, ndipo bambo ake ankagwira ntchito yogawa makalata. Kusukulu ya nyimbo sanapiteko. Anaphunzira zojambulajambula ku Ipswich, kenako ku Winchester School of Art kumene anamaliza mu 1969, ndipo nthawi imeneyo n'kuti atayamba kale kuseweretsa makina ojambulira mawu pa tepi. Mu 1971 analowa gulu la Roxy Music atakumana mwamwayi ndi Andy Mackay, woliza saxophone, pa siteshoni ya sitima ku London. Masiku oyambirira sankakwera n'komwe pansanja. Ankakhala pa mixer, n'kumatenga mawu a zida za anzake, kuwadutsitsa mu synthesizer (makina opanga ndi kusintha mawu ndi magetsi) yotchedwa VCS3 ndi m'makina a tepi, mpaka gitala n'kumamveka ngati chinthu china. Atatulutsa zimbale ziwiri ndi gululi anachokamo mu 1973, chifukwa sankamvana ndi mtsogoleri wake, Bryan Ferry. Iye mwini wakhala akunena poyera kuti si woyimba, ndipo maganizo ake ndi akuti situdiyo payokha ndi chida choyimbira.

Kuti mumvetse zimene ankatanthauza, taonani mmene anapangira mbali ina ya chimbale chake cha 1978, Music for Airports. Anajambula mawu a anthu akuyimba noti imodzi yokha motalika, kenako n'kudula tepiyo ndi kulumikiza nsonga zake kuti izingozungulira. Matepi ena anali aatali kwambiri moti ankawakoloweka m'miyendo ya mipando ya m'situdiyo ya Conny Plank ku Germany kuti athe kuzungulira bwino. Noti ina inkabwereza pakatha masekondi 23 ndi theka, ina pafupifupi 26, ina pafupifupi 30, ndipo popeza utali wake unali wosiyana, manotiwo ankakumana mosinthasintha, nyimbo n'kumangosanduka yokha popanda munthu kuliza chilichonse. Mtundu wa nyimbo zofatsazi, zimene munthu angazimvetsere kapena kungozisiya zikulira chapansipansi, anautcha ambient. Iye amati ganizoli linamufikira mu 1975 ali chigonere atagundidwa ndi takisi, pamene anamva chimbale cha zeze wachizungu chikulira motsika kwambiri kotero kuti chinkasakanikirana ndi mvula ya panja, iye wopanda mphamvu zodzuka kuti akakweze.

Zimene anachita kumeneko ndi lumo ndi mipando, inuyo mungazichite lero m'mphindi zochepa pa laputopu yanuyo. Ndiye chimene chinamusiyanitsa ndi ena sichinali makina, koma khutu lodziwa kusankha choti chikhale ndi choti chichotsedwe.

Khutu limenelo ndi limene oyimba otchuka ankalipira. Anagwira ntchito ndi David Bowie pa zimbale zitatu za pakati pa 1977 ndi 1979, ngakhale kuti wojambula wake weniweni pa zimbalezo anali Tony Visconti, zimene anthu ambiri amasokoneza. Anajambula zimbale zitatu za gulu la ku America la Talking Heads. Kuyambira 1984 anagwirizana ndi Daniel Lanois pojambula gulu la U2, ndipo chimbale cha gululi cha 1987, The Joshua Tree, chinapata mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana cha chaka. Mu 2008 anali m'gulu la ojambula chimbale cha Coldplay cha Viva la Vida. Amene anagwirako kompyuta za Windows 95 anamumvapo osadziwa, chifukwa kanyimbo ka masekondi pafupifupi 6 kamene kankalira kompyuta ikamayaka kanali kake.

Africa ilinso ndi gawo lake m'nkhaniyi, ndipo ife sitiyenera kulidumpha. Eno ankakonda kwambiri nyimbo za Fela Kuti wa ku Nigeria, ndipo kamangidwe ka Afrobeat, kamene chida chilichonse chimabwereza kachigawo kake kakang'ono n'kumalukana ndi zinzake, ndi kamene kali pamtima pa Remain in Light, chimbale cha Talking Heads cha 1980. Anapitanso ku Ghana kumene anajambula gulu la Edikanfo, chimbale chawo n'kutuluka mu 1981. Kunena zoona, zimandiwawa kuona achinyamata athu akukopera mabiti a kunja mpaka kutha, pamene mkulu ameneyu anachita kuwoloka nyanja kudzafuna kalukidwe kofanana ndi kamene kali m'ng'oma za manganje ndi m'gule wa malipenga.

Tsopano mbali ya malume anu ija. Eno sanakhalepo patali ndi anthu odziwa zida. Magitala ambiri okoma a m'zimbale zake zoyambirira analizidwa ndi Robert Fripp, ndipo pa Another Green World ya 1975 ng'oma zina zinaimbidwa ndi Phil Collins. Naye Lanois, amene ankagwira naye ntchito ya U2, ndi katswiri wa gitala. Iye mwini m'kupita kwa zaka anaphunzira kugwira kiyibodi mokwanira ntchito yake, ndipo ankayimbanso ndi mawu. Choncho musatenge mbiri yake ngati chilolezo choti musaphunzire kanthu. Wojambula kwaya amene sangamve kuti alto yatsika kapena kuti besi yasochera adzangojambula zolakwikazo momveka bwino. Phunzirani makodi pa kiyibodi ya kutchalitchi, ndipo ngati mwayi ulipo, ku Yunivesite ya Malawi ku Chirunga komweko amaphunzitsa za nyimbo. Malume anuwo muwapemphe mwaulemu kuti tsiku lina adzabwere ndi gitala lawo, muwajambule kachigawo ka masekondi ochepa, mukazungulitse pansi pa biti yanu, kenako muwamvetsere. Mkangano wanuwo mwina udzathera pomwepo.

Chomaliza n'chokhudza ndalama. Remain in Light itatuluka panabuka kusamvana, chifukwa Chris Frantz ndi Tina Weymouth, mamembala a Talking Heads, anaona kuti mayina a opeka nyimbo sanalembedwe monga mmene anagwirizanirana, ndipo a mtsogoleri wa gululi, David Byrne, ndi Eno ndi amene anaikidwa patsogolo. Nyimbo ikamangidwa m'situdiyo, aliyense akuponyapo kake, kumakhala kovuta pambuyo pake kunena kuti wopeka ndani. Musanayatse laputopu, gwirizanani ndi akwayawo polemba papepala ngati akukulipirani kamodzi kokha kapena ngati muli ndi gawo m'nyimboyo, ndipo ngati muli nalo, kalembetseni ntchito yanu ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina zaluso, nyimboyo isanafike pa wailesi.