Chifukwa chimene EN8 yang'alukira pamene munawotcherera

Bambo wina wa kwathu, amene amawotcherera mageti ku Booysens ku South Africa, wanditumizira imelo. Akuti anapatsidwa ntchito yokonza shafti ya makina, ndipo pofuna chitsulo cholimba anagula EN8, koma atawotcherera ndi ndodo za 6013 monga amachitira tsiku lililonse, m'mawa mwake anapeza mng'alu m'mphepete mwa msoko. Funso lawo ndi lakuti: kodi anawagulitsa chitsulo chachinyengo?

Bambo, sindikukhulupirira kuti anakunamizani. Nkhani yagona pa kuchuluka kwa kaboni. Chitsulo chimene mumapangira mageti, chotchedwa mild steel, kaboni wake sapitirira 0.3 peresenti, n'chifukwa chake chimapindika bwino ndipo chimalola kuwotcherera popanda mwambo uliwonse. EN8, imene pa risiti nthawi zina amailemba kuti 080M40, ili ndi kaboni pafupifupi 0.4 peresenti. Pa pepala kusiyanako ndi kochepa, koma pa moto ndi kwakukulu. Mukamawotcherera shafti yozizira, kachigawo koyandikana ndi msoko kamatentha kwambiri, kenako chitsulo chonse chotsalacho chimayamwa kutenthako mofulumira ngati mwachiviika m'madzi. Kachigawoko kamauma gwa, ndipo msoko ukamakokana pozizira, kamang'aluka m'malo mogonjera. Mng'alu wotere umatha kuonekera patapita maola ambiri, ndiye musadabwe kuti madzulo zonse zinkaoneka bwino.

Ndodo ya 6013 nayonso inawonjezera vuto, chifukwa imalowetsa haidrojeni mu msoko. Pa EN8 gwiritsani ntchito ndodo ya 7018 youma bwino, osati imene yakhalitsa pa shelefu nyengo yonse ya mvula. Muyambe mwatenthetsa shafti mpaka madigiri Celsius pafupifupi 200, ndipo mukamaliza muikwirire mu mchenga wouma kuti izizire pang'onopang'ono. Ndimaona anyamata ambiri akuthira madzi pa msoko kuti agwire msanga; pa geti mwina mungapulumuke, koma pa shafti ayi.

Mukakumana ndi manambala a ku America, monga 1018, 1045 kapena 1095, manambala awiri omalizira ndiwo akukuuzani kaboni: 1018 ili ndi pafupifupi 0.18 peresenti, 1045 ndi m'bale wake wa EN8, pamene 1095 ndi ya mipeni ndi masipuling'i, ndipo imeneyo musavutike n'kuiwotcherera. Nambala ya S355JR, chitsulo cha nsanamira ndi madenga, imatsata njira ina, pakuti 355 akunena za mphamvu imene chitsulocho chimapirira chisanapindikiretu, osati kaboni.

Zitsulo za ku sikirapu zilibe chizindikiro, choncho zigunditseni pa gulainda. Mild steel imatulutsa mbaliwali zazitali zokhala ndi nthambi zochepa, pamene chitsulo cha kaboni wambiri chimatulutsa mbaliwali zothetheka ngati tinyenyezi. Pa shafti yanuyo, peretsani mng'alu wonse ndi gulainda mpaka mufike pa chitsulo chabwino musanayambirenso, chifukwa mukangophimba pamwamba, mng'aluwo upitirira kuyenda pansi pake.