Akangaude a pa Mars: ndi zamoyo kapena?

Owerenga ena anditumizira imelo ataona chithunzi cha pa Mars chokhala ndi mawanga akuda a miyendo yambirimbiri. Akufunsa ngati ndi zamoyo kapena zomanga winawake. Pepani bwana, zonse ziwiri ayi. Ndi ntchito ya ayezi ndi dzuwa.

Mpweya wa pa Mars, magawo pafupifupi 95 pa 100 alionse, ndi carbon dioxide. Nyengo yozizira ikafika kum'mwera kwenikweni kwa pulanetili, kuzizira kumafika cha m'ma -125°C, ndipo mpweyawo umaundana n'kuyala pansi ayezi wochindikala pafupifupi mita imodzi. Ayeziyu amaonekera ngati galasi. Dzuwa likabwerera, kuwala kumapyola n'kutenthetsa dothi lakuda la pansi, ndiye ayezi amayamba kutha kuchokera kunsi, osati pamwamba. Sasungunuka kukhala madzi, amangosanduka mpweya. Mpweyawo umapanikizika, kusowa kotulukira, mpaka utapeza mng'alu. Pothamangira pamenepo umakokolola dothi n'kusiya tingalande tokumana pakati. Miyendo ija ndi imeneyo. Fumbi lomwe waulutsa limagweranso pa ayezi, n'kupanga mawanga akuda oloza komwe mphepo inkapita. Chaka cha pa Mars ndi masiku 687, ndipo chaka ndi chaka ngalandezo zimanka zikuzama. Hugh Kieffer ndi anzake anafotokoza zimenezi mu 2006, ndipo mu 2024 akatswiri a ku JPL, malo ofufuzira a bungwe la NASA ku America, anaziyesa m'chipinda chozizira chochotsedwa mpweya, ming'alu yofanana n'kuoneka.

Chondinyansa ndi anthu ofalitsa zithunzi zoterezi atadula dala mawu ofotokozera. Si zachilendo. Mu 1976 chombo cha m'mlengalenga cha Viking 1 chinajambula chitunda ku Cydonia, dera lina la pa Mars, chooneka ngati nkhope ya munthu. Maso ndi pakamwa zinali mithunzi chabe, dzuwa lili pafupi kulowa. Kamphuno kanali kadontho komwe uthenga wochokera ku chombocho unaduka. Chombo china, Mars Global Surveyor, chitajambulanso mu 2001, panatsala chitunda chokokoloka basi. Koma mpaka lero ena akugulitsabe nkhope ija. Kumeneko ndi kunamiza anthu, osati chidwi.

Mukaona chithunzi china

Funsani ziwiri: dzuwa linali mbali iti, ndipo kadontho kamodzi ka chithunzi kakuimira mamita angati. Pa chithunzi cha Viking chija kanali pafupifupi mamita 50. Kamera ya HiRISE, ya pa chombo china chozungulira Mars, imafika masentimita 30, ndiye imaonetsa zinthu bwino kwambiri.