Ku Urbino pitani, ngakhale chifukwa cha kachipinda kamodzi

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti mwezi wamawa akakhala ku Italy masiku asanu, ndipo mnzawo wawauza kuti asaphonye nyumba yachifumu ya ku Urbino. Akufunsa ngati n'koyenera kuthera tsiku lathunthu paulendo wopita ku tawuni ya paphiri komwe sitima sifika n'komwe, pamene ku Florence zithunzi zili mbwee.

Amayi, pitani. Mukakwere basi mumzinda wapafupi wa Pesaro.

Nyumbayo anaimangitsa ndi Federico da Montefeltro, amene anayamba kulamulira Urbino mu 1444 m'bale wake Oddantonio ataphedwa. Chuma chake chinkachokera ku nkhondo zaganyu: mizinda yolemera ndi apapa ankamulemba ntchito pamodzi ndi asilikali ake. Diso lakumanja analitaya pampikisano wolasana ndi mikondo atakwera akavalo, n'chifukwa chake ojambula ankamuonetsa chammbali, kumanzere. Mu 1468 anapereka udindo womanga kwa Luciano Laurana wa ku Dalmatia, ndipo pambuyo pake Francesco di Giorgio Martini anapitiriza.

Nsanja ziwiri zowonda zakutsogolo mudzazionera patali. Koma chimene ndikukutumirani ndi kachipinda kotchedwa studiolo, komwe Federico ankakhala payekha n'kumawerenga. M'munsi mwa makoma ake mwakutidwa ndi tizidutswa ta mitengo yosiyana maonekedwe, tolumikizidwa mwaluso moti maso amaona makabati otsekuka pang'ono, mabuku, zoimbira, ngakhale gologolo. Dzanja limachita kulakalaka kukoka chitseko, chonsecho khomalo n'losalala. Pakati pa zimenezi pali zovala zankhondo zovulidwa n'kuikidwa pambali. Ine apa m'pamene pamandigwira mtima: munthu amene anadyera lupanga moyo wake wonse ankafuna kuti m'chipinda chake chamkati akhale pakati pa mabuku.

Pamwamba panali zithunzi 28 za anthu anzeru, monga Plato, Aristotle, Mose ndi Solomo. Zokwana 14 lero zili ku Louvre, nyumba yosungira zaluso ya ku Paris. Zambiri zinachoka motero. Dera la Urbino litalowa m'manja mwa papa mu 1631, mabuku a Federico anawatengera ku Vatican mu 1657.

Kuyambira 1912 nyumbayi ndi malo osungira zaluso otchedwa Galleria Nazionale delle Marche. Muimeko ndithu pa chithunzi chaching'ono cha Piero della Francesca cha Yesu akukwapulidwa. Kukwapulako kukuchitikira kutali, chakumbuyo, pamene amuna atatu aima kutsogolo osacheuka n'komwe, ndipo akatswiri akutsutsanabe kuti amunawo ndani. Mbava zinachiba mu 1975 pamodzi ndi china cha Piero ndi La Muta cha Raphael, mwana wa ku Urbino komweko. Zitatu zonsezo zinapezeka ku Locarno, ku Switzerland, chaka chotsatira.

Ngati mungathe, yambirani ku Uffizi, nyumba yosungira zaluso ya ku Florence, mukaone pachithunzi nkhope ya Federico itayang'anizana ndi ya mkazi wake Battista Sforza. Mukatero, ku Urbino mudzalowa m'nyumba ya munthu amene mwamuona kale.