Wotchi ya 85,000 randi yopanda mapepala

Aphungu, ndili ndi shopu ya hadiweya ku Lilongwe. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndakhala ndikusaka posungira ndalama poti isamasungunuke. Mlamu wanga wa ku Joni wandipezera Omega Speedmaster yovalidwapo kale pa mtengo wa 85,000 randi. Akuti ikuwala ngati yatsopano poti angoipolisha kumene, kungoti bokosi ndi mapepala ake zidasowa. Ndalama yokwana 50,000 randi nditapa pa mpamba, yotsalayo mayi akunyumba andibwerekera ku banki mkhonde pa 20 peresenti pamwezi. Kodi akatswiri osunga mawotchi amaona chiyani kuti adziwe kuti wotchi yotere ndi yabwino? — Wamalonda, Lilongwe

Achimwene, funso lanu ndiyankha, koma lomwe mukadafunsa ndi ili: tsiku lomwe mudzafune ndalama yanu, wotchiyo mudzagulitsa kwa yani, ndipo mudzamuonetsa chiyani kuti akukhulupirireni?

Dzina mwasankha labwino, pamenepo sinditsutsa. Speedmaster idatuluka mu 1957, bungwe la ku America loona za maulendo a mumlengalenga la NASA lidaivomereza mu 1965, ndipo Buzz Aldrin adaivala pamwezi mu 1969. Koma mbiri imeneyo aliyense wogula amaidziwa kale ndipo ili kale mkati mwa mtengo. Chomwe amalipirira ndalama yowonjezera ndi mbiri ya wotchi imodziyo yomwe ili m'manja mwake.

Munthu wodziwa akaigwira amayamba ndi mabatani awiri a m'mbali, poti Speedmaster ndi chronograph, kutanthauza wotchi yokhala ndi makina ena oyezera nthawi pawokha. Adina la pamwamba: muvi wautali wa pakati unyamuke bwinobwino, osadumpha. Audikira uzungulire kamodzi, aone ngati kamuvi kowerenga mphindi kasuntha pomwe wautaliwo wadutsa pa 12. Aimitsa, kenaka adina la pansi: mivi yonse ibwerere pamalo pake ndendende, osati pambali pang'ono. Akatero amafuna wokonza mawotchi atsegule kumbuyo. Zakale zimakhala ndi makina otchedwa 321, okhala ndi kagudumu kowongolera ntchito ya mabatani aja kotchedwa column wheel komwe osunga mawotchi amakakonda kwambiri. Cha m'ma 1968 Omega idasinthira ku 861, kenaka 1861, ndipo za masiku ano ndi 3861. Nambala ya pa makinawo iyenera kugwirizana ndi chaka chomwe wogulitsa akunena, ndipo nkhope, mivi ndi mkombero zikhale za nthawi yomweyo. Mwachitsanzo, nkhope yolembedwa T mbali zonse za mawu akuti SWISS MADE ndi ya nthawi yomwe ankapaka mankhwala owala mumdima otchedwa tritium, mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mankhwalawo amasanduka achikasu akakalamba. Mukaona nkhope yachikasu koma mivi yoyera mbee, dziwani kuti mivi idasinthidwa, ndipo mtengo watsika.

Ndiye mlamu wanu akunyadira kuti angoipolisha. Kwa osunga mawotchi imeneyo ndi nkhani yachisoni. Makina opolishira amadya chitsulo. Timiyendo tinayi togwira lamba timatuluka ku fakitale tili ndi m'mphepete mwakuthwa, mbali ina yowala, ina yosawala. Akapolisha mosasamala zonse zimasalala ngati sopo wotha, ndipo chitsulo chodyekacho sichibwerera. Ambiri amasankha wotchi ya zipsera yosakhudzidwa kusiyana ndi yonyezimira yokwechedwa.

Koma pomwe ndaimira mutu ndi pa mawu anu akuti mapepala adasowa, omwe mwawalemba mongodutsa ngati nkhani ya nyengo. Inu mungagule galimoto yopanda bulu buku chifukwa penti yake ikuwala? Khadi la waranti lokhala ndi nambala ya wotchiyo, lisiti la komwe idagulidwa koyamba, malisiti a sevisi: izi ndi zomwe zimauza wogula kuti katunduyu si wakuba, si wachinyengo, ndipo si wolumikiza ziwalo za mawotchi angapo. Musaganize kuti amapusitsidwa ndi osadziwa okha. Mu Novembala 2021, pa okushoni ya Phillips ku Geneva, Speedmaster yomwe ankati ndi ya 1957 idagulidwa pa ndalama yoposa mafuranki 3 miliyoni a ku Switzerland. Wogula adali Omega eni ake, kugulira nyumba yawo yosungira zakale. Mu 2023 kampaniyo idalengeza kuti wotchiyo idali yolumikiza ziwalo zosiyanasiyana. Ngati opanga okha adagwa m'mbuna, mlamu wanu ndi zithunzi za pa WhatsApp akupulumutsani bwanji?

Mawotchi akale ambiri mapepala ake adatayikadi, ndipo amagulitsidwabe. Koma amagulitsidwa motsika, kwa munthu wodziwa kutsegula kumbuyo, kapena kudzera kwa wogulitsa wodziwika amene amalemba pa lisiti kuti akuimira katundu wake. Inu pa zitatuzi mulibe n'chimodzi chomwe.

Tiyeni tiwerenge mwachisawawa. Mukubwereka 35,000 randi pa 20 peresenti: ndi 7,000 randi mwezi uliwonse, chiwongoladzanja chokha. Miyezi 6 ndi 42,000. Wotchi yanu yafika pa 127,000 isanachoke m'kabati, ndipo sindinaikepo msonkho wolowetsera m'dziko kapena sevisi, yomwe pa chronograph ndi yokwera chifukwa tizitsulo take ndi tambiri, komanso mudzachita kuitumiza kunja. Tsopano mwapanikizika, mukufuna kugulitsa. Wogula woti agulitsenso amadula phindu lake, amadulanso za mapepala ndi za polishi. Tinene kuti akupatsani 60,000. Mwataya ndalama yoposa mpamba wonse womwe mudatapa. Mitengo ya mawotchi ovalidwapo kale idafika pachimake kumayambiriro kwa 2022 kenaka idatsika, kotero musadalire kuti msika ukunyamulani. Ndikudziwa, wina wakuuzani za wotchi ya Rolex Daytona ya katswiri wa mafilimu wa ku America, Paul Newman, yomwe idagulidwa pa madola oposa 17 miliyoni mu 2017. Ija adagula ndi dzina la mwini wake ndi umboni wosatsutsika wakuti idali yake, mpaka mawu omwe mkazi wake adazokotetsa kumbuyo kwake. Ndi mapepala omwewo, achimwene.

Apa ndiye mundilole ndilowe m'shopu mwanu. Mwati mutapa 50,000 pa mpamba. Mwadziwa bwanji kuti mpamba wanu ungapirire? Makalata ngati yanuyi amabwera kawirikawiri, ndipo ndikafunsa kuti shopu idapanga phindu lanji mwezi watha, yankho limakhala lakuti zikuyenda. Kope lilipo, inde, koma tsamba loyamba ndi la simenti, lachitatu mwana adajambulapo galimoto, ngongole za amisiri zili m'mutu, ndipo ndalama yomwe mudatumiza kumudzi pa maliro simudalembe paliponse. Munthu wosasunga lisiti la malata sangasunge khadi la wotchi, ndipo n'chifukwa chake kusowa kwa mapepalako sikudakudabwitseni. Simenti ndi misomali mukazigulitsa mumaodanso pa mtengo watsopano, ndiye kuti katundu wanu amathamanga limodzi ndi kugwa kwa kwacha. Posungira ndalama pomwe mukusakapo pali kale pa mashelefu anu. Wotchi imangokhala, ndipo ku Lilongwe anthu oti angaigule pa mtengo wake mungawawerenge pa zala.

Za banki mkhondezo zisiyeni lero lomwe. Dzina lolembedwa m'buku la gululo ndi la mayi akunyumba, ndipo mukalephera kubweza amayi anzawo sadzapita ku Joni kukafunsa mlamu. Adzabwera kudzanyamula firiji.

Ngati mtima uli pa Speedmaster basi, ikondeni ngati chovala, mudzaigule ndi phindu lomwe mwaliona lolembedwa, kwa wogulitsa wokhala ndi shopu, bokosi ndi khadi zili pomwepo, nambala zikugwirizana. Mlamu muuzeni mwaulemu kuti abweze. Mukandilemberanso, tumizani zomwe shopu idalowetsa ndi kutulutsa miyezi 3 yapitayi, ndi mndandanda wa onse omwe muli nawo ngongole, tione ngati 50,000 imeneyo ilipodi.