Malipiro akwera, nanga bwanji tulo sitikubwera?

Wowerenga wina wa ku Lilongwe watilembera pa imelo kuti: "Andikwezera malipiro kawiri m'zaka zitatu, koma nkhawa ndiye zikungochuluka. Kodi n'zoona kuti ndalama sizibweretsa chimwemwe?"

Achimwene, zimabweretsa ndithu, makamaka kwa munthu wosowa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti mabanja osauka a kumadzulo kwa Kenya amene bungwe lothandiza osauka la GiveDirectly linawapatsa ndalama, nkhawa zawo zinachepa. Amene amati ndalama si kanthu, kawirikawiri amakhala atakhuta.

Koma kodi malipiro anu anakweradi? Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Werengani matumba a chimanga a makilogalamu 50 amene malipiro anu ankagula kale, muyerekeze ndi a lero. Mwina mupeza kuti achepa.

Chimene chimalanda tulo kwambiri ndi kusadziwa za mawa, ndipo katapila ndiye mwini wake wa vutoli. Mukakongola K100,000 pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti pamwezi, n'kutha miyezi 3 osabweza kalikonse, ngongoleyo imafika K219,700 chifukwa chiwongoladzanja nacho chimabereka. Lembani ngongole zonse papepala, muyambe kupha yobereka kwambiri, osati ya munthu amene akulongolola kwambiri. Banki mkhonde imathandiza, koma chenjerani ndi magulu okakamiza aliyense kukongola; kumeneko munthu amakongola kwina kuti abweze kuno.

Kenako gulani chimanga mu Meyi kapena Juni anthu akangokolola, chifukwa pofika Januwale mtengo umakhala utakwera. Chiumitseni bwino musanathire mankhwala kapena kuchitsekera m'matumba osalowa mpweya otchedwa PICS. Chachinyezi chimachita nkhungu, ndipo thumba la PICS likabooka anankafumbwe amalowa.

Za kumudzi ndiye zovuta kuzikamba, koma zikambeni. Gwirizanani ndi abale ndalama imene muzitumiza, pa tsiku lodziwika mwezi uliwonse, n'kupatula ina yochepa ya matenda ndi maliro. Foni ikamalira pakati pa mwezi simuchitanso mantha.

Musawadule abalewo pofuna kusunga ndalama. Lipoti la World Happiness Report, pofotokoza kusiyana kwa chimwemwe m'maiko, limaonanso ngati anthu ali ndi wina wodalira pamavuto, pambali pa chuma ndi thanzi. Ngati kusowa tulo kukupitirira kwa milungu ingapo, chakudyanso osachifuna, pitani kuchipatala mukafotokoze.